Kukaona Maso a Nkhono ku Zumbo

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwambiwu timaunena polangiza mwana wopupuluma, ndipo tikatero timayesa tautha. Koma amene anagwadapo pafupi ndi nkhono m'dzinja, udzu uli ndi mame, akudziwa kuti pali mbali ina imene sitiitchula. Maso a nkhono ali kunsonga kwa tinyanga take tiwiri titalititali. Ukaikhudza, kapena mthunzi wako ukangoigwera mwadzidzidzi, imabweza tinyangato n'kudzikokera yonse m'chigoba. Ukakhala phee, imatulutsa mutu, kenako tinyanga, ndipo timaso timabwera kumapeto penipeni. Nanga timasoto tikutulukira chiyani? Tikufuna tione ngati choopsa chija chikadalipo. Ndiye kuti pamene iwe ukunyadira kuti waona maso a nkhono, nkhonoyo ndiyo yayamba kukuona. Kudekha kumene akuluakulu ankanena si kudikira kokha ayi. N'kulola kuti wamanthayo akuyang'ane mpaka mtima wake ukhale pansi.

Tauni ya m'dziko la eni nayo imatero. Mlendo akalowa ndi liwiro ndi phokoso, nkhope zimatembenukira kumbali, nkhani zimene zinali m'kamwa zimaduka, ndipo iye amangoona makoma, zikwangwani ndi mbendera. Akabwerera kwawo amakasimba kuti kumene kuja kulibe kanthu, anthu ake ngosachezeka. Pa zoyendera zonse zimene munthu anapanga, ine ndimaona kuti njinga yakapalasa ndi yokhayo imene imafikitsa mlendo kutali koma osamubisa. Ilibe galasi loti utseke, ilibe chitseko. Thukuta lako, msinkhu wako, nsapato yako yakutha chidendene, zonse zili poyera, ndipo wofuna kukuimitsa sasowa kukuwa. Angokweza dzanja, kapena kungoti, "Nanga moni?"

Ena akamva kuti uje wapita kunja amaganiza za ndege, sutikesi ndi jekete lochindikala. Kwa Mphuka kunja timakuona tili kudimba. Dera la Mfumu Mphuka lili m'boma la Luangwa, kumathero kwenikweni kwa chigawo cha Lusaka, kumene mtsinje wa Luangwa umathira mu Zambezi. Ukaima pa Feira, dzina limene anthu sanalisiye ngakhale tauniyo inatchedwa Luangwa kuyambira 1964, kum'mawa kutsidya kwa Luangwa ukuona Zumbo wa ku Mozambique, ndipo kum'mwera kutsidya kwa Zambezi ndi ku Kanyemba, dziko la Zimbabwe. Tambala wa dziko lina amadzutsa anthu a dziko lina, palibe womufunsa chiphaso.

Wina anena kuti kutcha Zumbo mzinda n'kuikweza udyo, ndipo sindingamutsutse kwambiri. Si Johannesburg. Misewu yake ndi yowerengeka, mbuzi zimagona pakati pa njira. Koma tikanena za msinkhu, mizinda yathu yodzitamayi ndi ana. Apwitikizi anakhazikitsa msika wawo pa Zumbo cha m'ma 1720, pamene Harare anayamba ngati linga la atsamunda mu 1890, ndipo Lusaka anakhala likulu mu 1935. Malo amene akhala akulandira alendo zaka 300 amadziwa kuwayang'ana.

Ulendo wake umayamba ndi msewu wathu womwe uno wa D145, umene umapatuka pa mlatho wa Luangwa pa Great East Road n'kutsika makilomita pafupifupi 90 motsata mtsinje mpaka pa Feira. Wochokera kwa Mphuka amasankha nthawi mosamala. Sanyamuka m'bandakucha weniweni, poti njovu zimakhala zisanabwerere kuthengo kuchokera kumadzi ndi kuminda. Sachedwanso, poti dzuwa la m'chigwa muno mu Okutobala limapyola madigiri 40, chishalo n'kufika posakhalika. Padoko, ukatha za mapepala, njinga amaigoneka m'boti pamwamba pa matumba a ufa, makatoni a sopo ndi zigubu za mafuta ophikira. Pobwerera botilo limadzaza nsomba zamchere za m'nyanja ya Cahora Bassa, zimene zina zimakathera ku Kasumbalesa, pamalire a Congo. Mvuu zimasuzumira chapatali. Posakhalitsa mwakocheza, ndipo munthu wa yunifolomu akukupatsa moni m'Chipwitikizi.

Choyamba chimene njinga imakuuza za tauni iliyonse ndi pamene pali chitunda ndi pamene pali potsetsereka. Wa pagalimoto zimenezo amasiyira injini. Wa panjinga amazimva m'ntchafu. Zumbo inakhala pakati pa madzi ndi phiri, ndipo miyendo imakufotokozera msanga chifukwa chake amalonda akale anasankha pamenepa. Mpokwera pang'ono kuti madzi osefukira asafike, komanso maso amaona bwato lililonse lotsika ndi Luangwa kapena lokwera ndi Zambezi. Wofuna kugwira malonda a golide ndi minyanga ya njovu sakanapeza malo oposa amenewa. Mabuku amanena zomwezo m'masamba ambiri, koma ukapumira pachitunda, phazi limodzi pansi, n'kucheuka kuona mitsinje iwiri ikukumana, umazimvetsa kamodzi.

Kenako mchenga. Tayala lakutsogolo limayamba kuvina, lakumbuyo n'kumira, basi utsike ukankhe. Apa ndi pamene ana amakupezera. Paja amati liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi, ndipo zoonadi mumchenga wa panjinga ndi wapansi amalingana. Wina agwira kaliyala kuti akuthandize, wina ayesa belu, wina wamkulupo pang'ono afunsa kumene ukupita, n'kukuuza kuti njira imeneyo siituluka.

Ukamadutsa pasukulu umamva ana akubwereza mawu a aphunzitsi m'Chipwitikizi, koma akangotuluka panja amathamangitsana m'Chikunda chomwe chija cha kwa Mphuka. Pamsika mayi atchula mtengo wa tomato m'ndalama ya metikali, koma ukatulutsa kwacha sadabwa, awerengetsa pamtima n'kukupatsa chenji. Fungo la buledi wa kumeneko, timikate tolimba kunja tofewa m'kati totuluka mu uvuni wa nkhuni, limasakanikirana ndi la nsomba zoyanikidwa pathandala. Pamtengo wa mbendera pali nsalu yojambulidwa buku, khasu ndi mfuti. Pang'onopang'ono umazindikira kuti uchilendo wa Zumbo sunafalikire paliponse mofanana. Uli m'kalasi, mu ofesi, pa ndalama ndi pa mbendera. Pamtondo, pachitsime ndi pasiwa ulibe malo. Pangano limene Angerezi ndi Apwitikizi anasainirana mu 1891, lija linasandutsa mtsinje kukhala malire, linagawa maofesi bwino lomwe. Koma madzi saiwala khwawa: maukwati, maliro ndi ngongole zikuwolokabe monga kale.

Taganizirani za anthu miyandamiyanda a ku Malawi amene chaka ndi chaka amadutsa mumzinda wa Tete pa basi ya ku Johannesburg, kulowera pa Zóbuè, kutulukira pa Nyamapanda. Mukawafunsa za Tete adzakuuzani ziwiri, kutentha ndi mlatho wa pa Zambezi. Ena mlathowo audutsa mpaka kuuzolowera, koma sadziwa kumene anthu a ku Tete amagula ndiwo, kapena kuti mumzindamo muli anthu olankhula Chinyungwe chimene Mchewa angachimve atatchera khutu. Sindikuwanena, basi siimira munthu kuti aone. Nawonso anthu a ku Tete sanaonepo Mmalawi m'basimo. Anaona basi.

Minga ya masau nayo siyang'ana chiphaso. Mitengo ya masau ili mbali zonse ziwiri za mtsinje, ndipo wopalasa m'chigwa chino amadziwa kuti kuponcha si ngozi, ndi gawo la ulendo. Ku Zumbo ndinakankhira njinga pansi pa mtengo wina pamene mkulu wina wa imvi anali ndi beseni la madzi akuda, pampu, guluu ndi zidutswa za machubu akale.

"Odi, baba. Laponcha lakumbuyo."

"Igonekeni apo, mwanangu, inu mukhale pachitsapo. Mwachokera kutsidya?"

"Mwadziwa bwanji, baba?"

"Ndakuonani kalekale mukukwera apo, maso ali mwazumwazu pa nyumba za eni. Wakuno sayang'ana choncho. Kutsidyako ndinu a kwa yani?"

"Kwa Mphuka."

"Mfunda wanu?"

Ndinawauza. Anatulutsa chubu, n'kuchipopa, n'kuyamba kuchimiza m'beseni chigawo ndi chigawo, mafunso akupitirira. Amayi anga ngochokera mudzi uti, ndabwera kudzagula nsomba kapena kudzazonda wodwala, nanga ngati si zimenezo munthu wamkulu angawoloke mtsinje kudzangoyang'ana? Thovu litatuluka anaika chala pabowo, n'kupala ndi mwala, n'kupaka guluu. Guluu safuna kumufulumiza, ayenera kuyamba wauma pang'ono chigamba chisanaikidwe, ndipo mkuluyo nthawi imeneyo anaigwiritsa ntchito yondiyeza. Za iwo eni sananene kanthu mpaka mafunso awo onse atayankhidwa. Atakhutira ndi pamene anayamba: kuti nthawi ya nkhondo anathawira kwathuko ndipo anadya nsima ya anthu a ku Zambia, kuti mchemwali wawo anakwatiwa mbali ya ku Kavalamanja, kuti ngati ndikufuna zakale ndipite chakumtsinje kumene kuli makoma akugwa a Apwitikizi, ndipo ndifunse kaye kwa eni malo ndisanayambe kujambula. Wa pagalimoto akaponcha amatulutsa tayala lapadera, n'kumanga, n'kupita. Mkulu wotereyu sakumana naye.

Mlendo wina wotchuka anakumana ndi kuyezedwa kotereku pamalo omwe ano, mtima uli m'mwamba. Mu Januwale 1856 David Livingstone, akutsika ndi Zambezi kupita ku Quelimane ndi gulu lake la Akololo, anafika pamathiriro a Luangwa. Anthu a Mfumu Mburuma sanamukhulupirire, ndipo anali ndi chifukwa, poti azungu ndi anthu awo amene ankawadziwa anali ogwira akapolo. Amuna anasonkhana ndi zida, ndipo anam'bwereka bwato limodzi lokha. Iye anayamba kuwolotsa katundu, ng'ombe ndi anthu ake, mwini wake n'kutsalira kugombe pakati pa amuna a zidawo, akuwaonetsa wotchi yake ndi galasi loyatsira moto ndi dzuwa, mpaka ulendo womaliza wa bwatolo. Cha pomwepo anaonanso bwinja la tchalitchi ndi belu losweka lolembedwa zilembo IHS. Ambiri amasimba nkhaniyi ngati nzeru za mzungu wopusitsa anthu ndi tizinthu tonyezimira. Ine sindiiona choncho. Amuna a Mburuma sanali ana. Wotchi ankaiyang'ana ndithu, koma kwenikweni ankayang'ana mwini wotchiyo: manja ake ngati akunjenjemera, maso ake ngati akuthawa, anthu ake ngati akubisa kanthu. Anaima poyera nthawi yokwanira kuti amuone, ndipo atamuona anamusiya apite.

Alendo ena sanadikire kuyang'anidwa. Mu Novembala 1835, tsiku limene kadamsana anadetsa dzuwa, Angoni a Zwangendaba anawoloka Zambezi cha kufupi ndi Zumbo, ndipo midzi ya Ansenga imene inali patsogolo pawo inawadziwira pa mkondo. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 kunabwera José do Rosário Andrade, wotchedwa Kanyemba, ndi José de Araújo Lobo, wotchedwa Matakenya, ndi magulu awo a Achikunda onyamula mfuti, akusaka minyanga ndi anthu. Ife amene timasonkhana pa mwambo wa Dantho kwa Mphuka, ndi anansi athu a mwambo wa Mbambala kwa Mburuma, mbiri imeneyi sitingaikankhire kwa ena. Mwa makolo athu, ena anagwira mfuti, ena anavala goli, ndipo zidzukulu zawo zinakwatirana. Dziko limene linaona alendo otere silingadzudzulidwe likamafunsa mfunda lisanaonetse njira.

Ubwino wina wa njinga, umene ambiri sauwerengera, ndi wakuti kutsika n'kosavuta. Ukaona masamba aikidwa pamsewu, chizindikiro cha maliro, wa pagalimoto amangochepetsa liwiro ndi kutsitsa wailesi. Wa panjinga amatsika, chipewa m'manja, n'kukankha mpaka atapyola masamba enawo. Anamfedwa samudziwa dzina, koma aona kuti analeredwa. Chimodzimodzi podutsa pabwalo la mfumu, kapena pokumana ndi gogo wosenza nkhuni m'kanjira kopapatiza. Mkulu womata machubu uja anandiwonjezera lamulo lina limene kwathu sitilisamala kwenikweni: mbendera ikamakwezedwa m'mawa kapena kutsitsidwa madzulo paofesi ya boma, wodutsa aime, wa panjinga atsike. Safunsa anadya phula, koma kuti ufunse uyenera kukhala pamene mawu ako angamveke, ndipo kuchokera pachishalo kufika pansi ndi mwendo umodzi wokha.

Anandilangizanso kuti kunja kwa tauni ndisamasiye njira yopondedwa n'cholinga chodulira. Chigawo cha Tete, m'mene muli Zumbo, chinamva nkhondo kawiri motsatizana. Frelimo inatsegula nkhondo yolimbana ndi Apwitikizi kumeneko mu 1968, ufulu unabwera mu 1975, kenako panabuka nkhondo ya Renamo imene inatha ndi pangano la ku Rome mu Okutobala 1992. Mabomba okwirira anatsala m'nthaka zaka zambiri, ndipo ndi mu Seputembala 2015 pamene Mozambique inalengeza kuti minda yonse ya mabomba imene inkadziwika yachotsedwa. Chilengezo n'chilengezo, koma phazi la munthu amene anakula nthawi imeneyo lili ndi chikumbukiro chakechake, ndipo mkuluyo polankhula ankaloza ndi chibwano, osati ndi chala. Ifenso tili ndi chipsera chathu. Pa 6 Malichi 1978 asilikali a Rhodesia anaukira msasa wa omenyera ufulu a ZIPRA pa Kavalamanja, asilikali a Zambia ndi anthu wamba n'kuferapo, ndipo chaka chilichonse anthu amakasonkhana kumeneko kukumbukira. Nkhani zoterezi sizilembedwa pa chikwangwani cholandirira alendo. Zimatuluka m'kamwa mwa munthu amene wayamba wakuona kuti ndiwe wotani.

Mwina tidutse pang'ono pa chinthu chimodzi chodabwitsa: njinga ndi malire athuwa ndi a msinkhu umodzi. Msonkhano wa ku Berlin wogawana Africa unatha mu 1885, chaka chomwecho John Kemp Starley wa ku Coventry anatulutsa njinga ya Rover, imene maonekedwe ake, tcheni choyendetsa tayala lakumbuyo, ndi omwe tikupalasa lero. Mu 1888 John Boyd Dunlop ku Belfast anapanga tayala lopopa, ndipo njala ya mphira imene inatsatira inakathera pa misana ndi manja a anthu a ku Congo ya Leopold II. Njinga ilinso ndi mangawa ake. Koma inafika kuno n'kukhala yathu. Ya Eagle, imene kampani ya Luangwa Industries inkapanga ku Chipata m'zaka za m'ma 1980, inanyamula aphunzitsi, akatekisiti ndi alangizi a zaulimi. Lero kuli ya Buffalo, ya bungwe la World Bicycle Relief, imene kaliyala yake imasenza makilogalamu 100 osadandaula.

Komatu ndisaikweze njinga mopyola. Payokha sidekhetsa munthu. Pa Great East Road pamadutsa alendo a njinga zodula, zikwama uku ndi uku, ndipo ena mwa iwo mutu umakhala pansi, maso pa kachipangizo kowerenga makilomita, ana akuwakuwira moni iwo osamva. Kuthamanga si kufika. Palinso mizinda imene njinga singakuonetse kanthu. Ku Amsterdam aliyense ali panjinga, ndiye palibe wokuyang'ana kawiri. Pa Cairo Road ku Lusaka maso ako onse amathera pa minibasi imene ikufuna kukudula. Ndiponso bambo amene wamanga matumba a makala kapena madengu a nsomba mpaka chishalo kubisika sakuyendera tauni, akusaka ya ufa. Kuyenda kongofuna kuona ndi kwa munthu amene wadya kale, ndipo n'chifukwa chake mkulu uja anadabwa nane.

Palinso povuta kuposa apa. Ku Johannesburg ndi ku Cape Town kuli anyamata ambiri a ku Malawi, Zimbabwe ndi maiko ena amene amapeza chakudya poperekera katundu ndi zakudya m'makomo pa njinga zamoto. Misewu ya mizindayi amaidziwa kuposa eni ake: podulira, pamene pali maenje, geti limene lili ndi galu wolusa. Koma kwa iwo kuonedwa si dalitso. Mu Meyi 2008 anthu 62 anaphedwa pa ziwawa zothamangitsa obwera ku South Africa, ndipo mu 2015 zitabukanso ku Durban boma la Malawi linachita kutumiza mabasi kukatenga anthu ake. Kwa mnyamata wotere chisoti cha pa njinga yamoto chimagwira ntchito ziwiri, kuteteza mutu ku ngozi ndi kubisa nkhope. Kumuuza kuti adekhe, alole eni mudzi amuyang'ane mpaka akhutire, n'kumunamiza, chifukwa ena mwa omuyang'anawo anaweruza kale. Mwambi wa nkhono uja umayenda bwino pamene mlendo ndiye wamphamvu, mwini mudzi ndiye wamantha. Zikatembenuka, amene ali m'chigoba ndi mlendoyo, ndipo udindo wodekha wagwera eni mzinda.

Oyenda panjinga amene anasiya mbiri yabwino ndi aja analibe podalira kupatula anthu a m'njira. Kazimierz Nowak wa ku Poland anadutsa Africa yekha kuyambira 1931 mpaka 1936, kuchoka kumpoto kukafika ku Cape Agulhas n'kubwereranso, makilomita pafupifupi 40,000, gawo lalikulu panjinga, kwina pa kavalo, pa ngamila ndi m'bwato. Anali wosauka, ndalama ankaipeza potumiza zithunzi ndi nkhani kwawo, ndipo anamwalira mu 1937, chaka chisanathe chibwerereni. Dervla Murphy wa ku Ireland, ali ndi zaka 60, anapalasa mu 1992 kuchoka ku Kenya mpaka ku Zimbabwe, kudzera ku Malawi ndi Zambia. Sananyamuke kuti akalembe za matenda, koma paliponse pamene ankaima anthu ankamukambira za Edzi, ndipo buku lake, The Ukimwi Road, linasanduka la zimene eni dziko anasankha kumuuza mayi wotopa, wafumbi, amene anakhala nawo pansi.

Nowak anali wa dziko limodzi ndi ansembe amene anakhazikika m'boma lathu lino, ndipo nawonso anabwera chowoloka. Boma latsopano la Portugal litathamangitsa Ajezuiti mu 1910, a pa mishoni ya Miruru, kumtunda kwa Zumbo, anawoloka Luangwa n'kudzayamba Kapoche ndi Katondwe, ndipo kuyambira 1912 ntchitoyo inakhala m'manja mwa Ajezuiti a ku Poland. Lero chipatala cha Katondwe chimalandira odwala ochokera kutsidya ku Mozambique, ndipo ena amafika atakhala pakaliyala, atakoleka manja m'chiuno mwa wopalasa. Tsono si ife tokha amene timakaona kwa eni. Tsiku lililonse pamsewu wathu pamadutsa anthu amene kwa iwo Feira ndi kwa Mphuka ndiko kunja, ndipo maso awo nawonso amakhala mwazumwazu.

Amati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Pa sitolo ina ya zitsulo za njinga pa Feira ndinacheza ndi bambo wina wa ku Zumbo, wa msinkhu wanga, amene anawoloka kudzagula chubu ndi masipoko. Ndinamufunsa chimene amaona akamapalasa mbali yathu ino.

"Msewu wanu ngwabwino, shamwali," anatero. "Njinga imangoyenda yokha. Koma chiikireni tala, anthu a kuno mwasiya moni. Mumaliza belu."

"Belu n'lochenjeza, shamwali, kuti tisagundane."

"Kwathu timachenjeza ndi pakamwa. Umati odi, winayo apatuka, mwalonjeranso pomwepo. Kuno kuchokera padoko mpaka pano andilizira mabelu okhaokha, wa njinga yamoto wina mpaka kundiopseza ndi huta. Wondifunsa kumene ndachokera ndinu woyamba, nanunso poti mwandipeza nditaima."

Ndinati a njinga zamoto amathamangira makasitomala, mafuta akwera mtengo, munthu sangamaime pa aliyense. Anavomera kuti ku Zumbo nazonso zachuluka, ndipo tala akadzafika kumeneko mwina nawonso adzagula mabelu. Kenako anatembenukira kwa mwini sitolo n'kuyamba kunenerera chubu, akuti cha mwezi watha chinaphulika pa joini sabata isanathe, ndiye ichi amuchotsereko.